Kwa yearo (wa chaka choyamba) wa ku Chanco amene wafunsa za ma goals uja

Mng'ono wanga, choyamba zabwino zonse, ma points 13 pa MSCE si masewera. Ndaona funso lako loti wasankhidwa ku Chanco ndipo ukufuna kudziwa zolinga zomwe ungadziikire kuti udzatuluke ndi distinction. Anthu ayankha kale kuti limbikira, pemphera, usatengeke ndi anyamata, zonsezo nzoona koma sizikukuuza chochita Lolemba mmawa, nde ine ndilemba zazitali pang'ono undipirire.

Distinction ija iike kaye pambali. Si yoipa ayi, koma ili zaka 4 kutsogolo, singakudzutse 5 koloko mmawa kuzizira kwa ku Zomba kwa mu June kuja. Chimadzutsa munthu ndi test ya Lachinayi likubwerali. Nde sabata yoyamba yomweyo upeze course outline ya kosi iliyonse yomwe walembetsa. Ma lecturer ena amagawa mkalasi tsiku loyamba, ena amangopatsa class rep kuti aponye pa gulu la WhatsApp, ndipo ma yearo ambiri imangokhala mu foni osaitsegula mpaka semester kutha. Chonsecho mmenemo ndi momwe muli mitu yonse yomwe muphunzire, mabuku ofunika, ndi mmene ma marks agawidwire.

Kagawidwe ka ma marks kameneka ndi komwe ndikufuna umvetsetse. Ku sekondale unazolowera kuti mayeso a MANEB ndi amene amagamula zonse, olo munthu atasewera Form 3 yonse akhoza kudzadzuka kumapeto nkukhoza. Ku koleji ma marks ambiri umakhala wawapeza kale kapena wawataya kale usanalowe mu exam. Ma test, ma assignment, ma presentation, ma lab ngati uli ku science, zonsezo amaziphatikiza nkukhala CA (continuous assessment). Makosi ambiri CA imatenga 40 mayeso omaliza 60, ena ndi theka theka, outline ija ikuuza. Tiyerekeze pass mark ndi 50. Ukalowa mu exam uli ndi 30 pa 40 ndekuti ukungofuna 20 pa 60 basi, umalemba mtima uli mmalo ndipo zotsalazo ukungomenyera giredi yabwino. Mnzako amene walowa ndi 14 akufunika 36 pa 60, pa pepala loti mwina funso lija amalidalira silinabwere nkomwe. Anthu awiriwa akhala benchi imodzi semester yonse, nzeru mwina nzofanana, koma winayu analemba assignment usiku wa deadline pokopera ya mnzake nkupatsidwa 4 pa 10, test ina anaiphonya poti anapita kumudzi weekend nkuchedwa kubwera. Ma supp ambiri, mayeso obwereza aja munthu amalemba akalephera kosi, amayambira pamenepo, osati mu exam room.

Nde cholinga chako chilembe mu manambala omwe ungawaone semester ili mkati, monga kuti kosi iliyonse CA yanga isatsike 28 pa 40. Tenga peji lomaliza la notebook, lemba makosi onse, test iliyonse ikabwera uzilemba chomwe wapeza. Pakati pa semester khala pansi uwonkhetse, kosi yomwe yatsalira ndi imene uipatse maola ambiri masabata otsalawo, osati ija umaikonda chifukwa imalowa yokha mmutu. Tonse timakonda kuwerenga zomwe tikuzidziwa kale, zimakoma, koma phindu lake ndi lochepa. Komanso ma script akabwezedwa usataye olo limodzi. Kukoleji kulikonse zimachitika kuti ma marks ena sanalowe mu system, ndipo ukapita ku department ndi pepala lako lochongedwa mmanja nkhani imatha msanga kusiyana ndi kungolumbira kuti ine ndinalemba.

China chaching'ono koma chimapulumutsa, assignment iliyonse uzidziikira deadline yakoyako, masiku awiri ya lecturer isanafike. Magetsi amazima, laptop yobwereka mwini wake amaifuna nthawi yomweyo, kopulintitsa kumakhala mzere wa kalasi yonse, flash imagwidwa virus. Lecturer wamva zifukwa zimenezi chaka ndi chaka, sizimugwiranso mtima.

Kosi ya Language and Communication Skills usaiderere. Ma yearo amati aah chizungu tinakhoza kale ku MSCE, koma kumeneko ndi komwe umaphunzira kalembedwe ka essay ya ku yunivesite ndi referencing, ndipo ukazigwira first year zidzakuthandiza mpaka pa research ya fourth year. Kukopera zinthu pa intaneti kapena kungouza ChatGPT ikulembere nkupereka choncho, ma lecturer amazindikira, ndipo olo asazindikire mu exam udzakhala wekha ndi bolopeni.

Za ma discussion, pezani anthu anayi kapena asanu okha, oti aliyense azibwera atawerenga kale mutu wake nkudzafotokozera anzake. Gulu likafika anthu 15 limasanduka bwalo la nkhani za mpira ndi za chibwenzi cha uje. Ma conti, aja a second year kupita mtsogolo, uzicheza nawo, ali ndi ma past papers komanso amadziwa mafunsidwe a lecturer aliyense, kungoti samala, ena amathandiza ma yearo aakazi ali ndi zolinga zawo, ukaona thandizo likufuna muzikumana usiku kuchipinda kwake ingothokoza uzipita.

Pali nkhani ina yomwe anthu saiwerengera ngati ya sukulu koma ine ndimati ndi ya sukulu ndithu, ndalama. Munthu wanjala sawerenga. Ngati kwanu zinthu nzovuta funsira ngongole ku Loans Board, ija inakhazikitsidwa mu 2015, uzitsatira zolengeza zawo kuti nthawi yofunsira isakupitirire, ndipo udziwiretu kuti ndi ngongole yodzabweza ukamaliza, si mphatso. Ndalama ikalowa, kaya ya loan kaya ya kunyumba, lipira kaye lendi, gula ufa, soya pieces, bonya, mafuta ndi makala, uike padera ya printing ndi bundle, zotsalazo ndiye uone za tsitsi ndi zina. Ukakhala ku Chikanda kapena kwina kunja kwa campus kuphika mphika umodzi ndi anzako awiri atatu kumatchipa kwambiri kusiyana ndi kugula chips tsiku lililonse. Ambiri sabata yoyamba amadya ngati mabwana, pofika nthawi ya ma test akumwa madzi nkugona. Ndipo posankha nyumba uganizire mtunda, chifukwa ngati ukufuna kumawerenga ku library mpaka usiku uyenera kukhala ndi anthu oyenda nawo pobwerera, mtsikana usamayende wekha mdima.

Upezenso malamulo a mayeso a yunivesite yako uwerenge wekha, kuti pass mark ndi chani, ukalephera makosi angati umalemba supp, angati umabwereza, angati amakuwida (kukuchotsa sukulu). Usadalire za mmaluwa. Kuyambira 2021 pomwe University of Malawi yakale inagawidwa, Poly kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing kukhala KUHeS, Chanco nkutsala ndi dzina la UNIMA, sukulu iliyonse ikuyendera zake, nde zomwe angakuuze malume ako amene anamaliza kalekale, olo zanga zomwezi, mwina zina zinasintha. Ukapeza giredi yoipa pa test yoyamba usadabwe kwambiri, kalasi yonseyo ndi anthu amene anali nambala wani kusukulu kwawo ndipo wina ayenera kukhala wa 40. Tenga script upite ku ofesi ya lecturer nthawi yomwe anati amaonana ndi ophunzira, ukafunse kuti apa mumafuna ndiyankhe bwanji. Ambiri amathandiza bwinobwino, kungoti ana amaopa kugogoda.

Sunanene pulogalamu yomwe wasankhidwa. Tiuze, mgulu muno muli anthu a Education, Social Science, Science ndi ena ambiri, wina akhoza kukutumizira ma outline ndi ma past papers a first year usananyamuke nkomwe.