Kodi Ramon Llull anali mmishonale kapena agogo a kompyuta?

FUNSO: Akonzi, m'kalasi ya mbiri ya mpingo aphunzitsi anatchula Ramon Llull kuti anali mmishonale komanso eti anapanga kachipangizo koganiza ngati kompyuta. Ziwirizi zikugwirizana bwanji? Tandimasulireni chonde.
Wophunzira zaubusa

YANKHO: Achimwene, zikugwirizana ndithu, chifukwa kachipangizoko anakapangira ntchito yolalikira yomweyo.

Llull anabadwa cha m'ma 1232 ku Palma pa chilumba cha Majorca (lero ndi mbali ya dziko la Spain), chomwe mfumu James I ya ku Aragon inali itangolanda kumene kwa Asilamu mu 1229, ndiye Asilamu ndi Ayuda anakula nawo limodzi, sankangowamvera mbiri ayi. Ankagwira ntchito kunyumba ya mfumu, anali pabanja ndi ana awiri, koma ankakonda kupeka nyimbo zachikondi. Iye mwini anafotokoza kuti cha m'ma 1263 akulembera nyimbo mkazi wina anaona Yesu ali pamtanda, maulendo asanu, basi moyo wake unasinthiratu.

Chomwe ine chimandigwira mtima ndi ichi, iyeyu anaona msanga kuti kumuwerengera Msilamu vesi la m'Baibulo sikuthandiza popeza naye ali ndi buku lake lomwe amalikhulupirira, nde ngati ukufuna akumvere uyambire pa zomwe nonse mukuvomereza, ndipo ulankhule chilankhulo chake. Anakhala zaka 9 akuphunzira Chiarabu kwa kapolo wachisilamu yemwe anachita kugula, ndipo nkhani imeneyi inatha moipa, kapoloyo anamubaya mbuye wakeyo kenako anadzimangirira m'ndende. Mbali iyi tisamaibise.

Cha m'ma 1274 ali pa phiri la Randa mpamene anapeza njira yomwe anaitcha Ars, kutanthauza luso m'Chilatini. Anatenga makhalidwe a Mulungu omwe Myuda, Mkhristu ndi Msilamu sangakanirane, monga ubwino, ukulu, muyaya, mphamvu, nzeru ndi choonadi, lililonse nkulipatsa chilembo chake kuyambira B mpaka K, zilembozo nkuzilemba pa timabwalo tosanjikizana tomwe umatembenuza kuti zizikumana mosiyanasiyana nkumatulutsa mafunso ndi mayankho. Ankakhulupirira kuti mwa njira imeneyi atha kuonetsa ngakhale za Utatu Woyera. Apa anapitirira muyeso, ine ndikuona choncho, koma ganizo losakaniza zilembo motsatira malamulo lija linadzamukoka Leibniz, katswiri wa masamu wa ku Germany, yemwe analemba za nkhaniyi mu 1666, nchifukwa chake akadaulo a makompyuta amamutchula Llull. Kompyuta yeniyeni ayi sanapange.

Ankalemba m'Chikatalani, Chilatini ndi Chiarabu, mabuku opitirira 200. Mu 1276 anayambitsa sukulu ku Miramar, pa chilumba cha Majorca pomwepo, komwe ansembe 13 a chipani cha Fransisko Woyera ankaphunzira Chiarabu, ndipo pa msonkhano wa mpingo wa ku Vienne, ku France, mu 1311 ndi 1312 pempho lake linamveka, anagwirizana zoti Chiarabu, Chiheberi ndi Chiaramu ziziphunzitsidwa ku Paris, Oxford, Bologna ndi Salamanca. Komabe atakula analembanso zolimbikitsa nkhondo yolanda Yerusalemu, ndiye musamuyese munthu wa zokambirana zokhazokha.

Ku Tunis, kumpoto kwa Africa, anapita kukalalikira Asilamu mu 1293 nkuthamangitsidwa, ku Bougie (lero ndi ku Algeria) mu 1307 anamutsekera miyezi 6, koma mu 1314 ali ndi zaka zoposa 80 anabwereranso ku Tunis. Anamwalira cha m'ma 1316 ndipo manda ake ali mu tchalitchi cha Sant Francesc ku Palma. Mukamva zoti anafa pogendedwa miyala dziwani kuti nkhaniyo inatchuka pambuyo pake, akatswiri ambiri a mbiri saivomereza.