Mayi ali ndi BP: kodi magazi awachulukira, nanga mankhwala adzasiya liti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wina wa ku Zomba. Akuti mayi awo a zaka 61 anapita kuchipatala chifukwa cha bondo, koma atawayeza pamkono makina anaonetsa 172/104. Anapatsidwa mankhwala a BP, amwa miyezi itatu, nambala yatsikira pa 134/84, ndipo tsopano akufuna kusiya chifukwa akudzimva kuti achira. Azakhali ena awauzanso kuti vuto ndi kuchuluka kwa magazi, ndiye akangopereka botolo limodzi kuchipatala nkhani ithera pomwepo. Mlongoyu akufunsa kuti: "Zoona ndi ziti? Ndiwalole asiye?"

Achemwali, musawalole. Nambala yatsikayo ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, koma matendawo akadalipo. Ndipo magazi a mayi sanachuluke ayi. Ndikufuna mumvetse chifukwa chake, popeza mayi wachikulire sangamwe piritsi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri chifukwa chongouzidwa ndi mwana wake kuti "adokotala atero".

Mtima ndi mnofu wokhala ndi zipinda zinayi. Mbali ya kumanja imalandira magazi obwerera kuchokera m'thupi n'kuwatumiza kumapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera kumapapowo n'kuwakankhira m'thupi lonse, kuyambira mu ubongo mpaka ku chala cha kuphazi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana malita 5 kapena pafupi pamenepo, ndipo akakhala phee, mtima umapopa pafupifupi malita 5 omwewo pa mphindi imodzi. Ndiye kuti magazi omwewo amangozungulira, usana ndi usiku, mtima ukugunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, pafupifupi ka 100,000 patsiku.

Azakhali anu musawaseke, maganizo awowo akhala ndi anthu ophunzira kwa nthawi yaitali. Kwa zaka mazanamazana madokotala a ku Ulaya ankatsatira chiphunzitso cha Galen, dokotala wachigiriki wakalekale, chakuti chiwindi chimapanga magazi atsopano mosalekeza, thupi n'kumawagwiritsa ntchito mpaka kutha. Iwonso ankatulutsa odwala magazi pa matenda osiyanasiyana, monga momwe makolo athu ankalumikira ndi nyanga. M'chaka cha 1628 dokotala wa ku England, William Harvey, anawerengetsa magazi amene mtima umakankha pa ola limodzi, napeza kuti ndi ochuluka kuposa amene thupi lingathe kupanga kuchokera m'chakudya. Apo ndi pamene zinadziwika kuti magazi amazungulira. Koma chizolowezi chotulutsa magazi chinatenga nthawi kuti chithe, moti George Washington, pulezidenti woyamba wa dziko la America, anamutulutsa magazi ambiri pa tsiku limene anamwalira mu 1799.

Tsono BP ndi chiyani? Ndi mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Nambala yapamwamba imayeza mphamvuyo pamene mtima wafinya, yapansi imayeza pamene mtima wamasuka ukudikira kudzaza. Munthu wabwinobwino amakhala cha pa 120/80. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo pa masiku osiyanasiyana, amati yakwera. Ganizirani paipi yothirira m'dimba. Madzi ndi omwewo, mpopi simunaukhudze, koma mukatsekako pang'ono kukamwa kwa paipiyo ndi chala, madzi amathamanga ndipo paipi imalimba m'manja. Mwa mayi, timitsempha ting'onoting'ono tafinyika, ndipo mitsempha ikuluikulu imene inkatanuka ali mtsikana yayamba kuuma ndi ukalamba. Mtima ukukankha magazi omwe aja m'njira yothina.

Popereka magazi, a Malawi Blood Transfusion Service amatenga pafupifupi mamililita 450. Thupi limabwezeretsa madzi a m'magaziwo m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mitsempha imakhala yothina monga kale. Kupereka magazi ndi chinthu chabwino kwambiri, amayi otaya magazi pobereka ndi ana odwala malungo amapulumukira pomwepo, koma si mankhwala a BP. Pokhapo pamene azakhali akuyandikira choonadi ndi pa nkhani ya mchere. Munthu akamadya mchere wambiri, impso zimasunga madzi ambiri, ndipo madziwo amaonjezera mphamvu m'mitsempha. Koma zimenezo zimakonzedwa m'khitchini ndi m'impso, kutulutsa magazi sikuthandizapo kanthu.

Chimene chimandipweteka ndi matendawa n'chakuti sapweteka. Anthu ambiri amaganiza kuti BP ikakwera mutu umawawa kapena mtima umagunda mwamphamvu. Nthawi zina zimatero, koma nthawi zambiri munthu amalima, amapita kumsika, amaimba kwaya, BP ili pa 170. Mayi anu omwe anapitira bondo. M'chaka cha 2009 unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anachita kafukufuku wotchedwa STEPS muno m'Malawi, ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sanali pa mankhwala.

Pamene munthu sakumva kanthu, m'kati zinthu zikuonongeka. Mbali ya kumanzere ya mtima imanenepa chifukwa chokankha molimbana, kenako imalimba n'kuyamba kutopa. Zikatero munthu amatupa miyendo, amabanika akakwera kachitunda, usiku amalephera kugona chagada. Mu ubongo, kamtsempha kakhoza kuphulika kapena kutsekeka, ndiye sitiroko imeneyo: munthu amene dzulo amakazinga chimanga lero wafa mbali imodzi, ndipo pamudzi payamba kulozana zala. Impso nazo zili ndi timitsempha tosakhwima tosefa magazi, ndipo tikaonongeka sitibwerera. Makina osefa magazi m'zipatala za boma ndi ochepa, anthu amawatsatira ku zipatala zikuluzikulu monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo wodwala amayenera kupitako kangapo sabata iliyonse.

Ngakhale madokotala anachedwa kuzindikira zimenezi. Pulezidenti wa dziko la America, Franklin Roosevelt, anakhala ndi BP yokwera kwa zaka, pa nthawi imene madokotala ambiri ankaiona ngati gawo chabe la ukalamba ndipo mankhwala abwino kunalibe. Anamwalira mu April 1945 mtsempha utaphulika mu ubongo, ali ndi zaka 63, BP itafika cha pa 300/190. Munthu wamphamvu ngati ameneyo analibe timapiritsi timene mayi anu ali nato m'kabati lero.

Mapiritsiwo sachotsa chimene chinayambitsa vutolo. Amangogwira BP kuti ikhale pansi kwa tsiku limodzi, mawa n'kufunikanso ena. Hydrochlorothiazide, imene ambiri amangoti HCTZ, imathandiza impso kutaya mchere ndi madzi. Amlodipine imamasula makoma a mitsempha. Enalapril imaletsa thupi kupanga chinthu china chimene chimafinya mitsemphayo. Mayi akasiya, pakangopita masiku kapena masabata nambala idzakweranso mwakachetechete, iwo akudzimvabe kuti ali bwino. Alipo ena amene adokotala amawachepetsera mankhwala atachepetsa thupi ndi mchere, koma zimenezo amazichita adokotala akuyeza, osati wodwala payekha.

Muwafunse mayi mofatsa ngati pali chimene mankhwalawo akuwasowetsa mtendere, chifukwa kawirikawiri "ndachira" amabisa dandaulo lina. HCTZ imakodzetsa pafupipafupi, n'chifukwa chake ndi bwino kumwa m'mawa. Amlodipine imatupitsa akakolo mwa anthu ena. Enalapril imabweretsa kachifuwa kouma kosatherapo. Zonsezi akazinena kuchipatala, akhoza kuwasinthira mtundu wina. Za bondo lijanso samalani: mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, akamamwedwa kawirikawiri, amakweza BP ndipo amavulaza impso. Asamangogula pagolosale, afunse kaye. Adyo, mandimu ndi chamwamba angathe kudya ngati chakudya, koma zisalowe m'malo mwa mapiritsi.

Pa mchere, WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wobisika m'zakudya. Kwathu kuno umabisala m'nsomba zouma zothiridwa mchere, m'timakyubu tokometsera msuzi, mu buledi, mu tchipisi ta pachiwaya, ndiponso mu soda wa m'sitolo amene timathira m'therere ndi m'chigwada. Chotsani kambale ka mchere pamphasa, ndipo muchepetse mumphika wa banja lonse pang'onopang'ono. Kuwaphikira mayi okha ndiwo zozizira pamene ena akudya zokoma n'kuwalanga, ndipo sangapirire. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Nyemba, nthochi, mbatata ndi masamba zimathandiza. Fodya, ngakhale wa pamphuno, asiyiretu.

Muziwaperekeza kukayezetsa pa tsiku limene analembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo akatenge mankhwala ena akale asanathe. Ngati muli ndi makina kunyumba, akhale pansi mphindi zisanu asanayeze, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula, ndipo muzilemba nambala ndi tsiku. Mukadzaona pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mawu akutuluka mosamveka, kapena akumva kupanikizika pachifuwa, musadikire kuti kuche ndipo musayambe mwaitana abale. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Inunso achemwali, tsiku lowaperekezalo mupereke mkono wanu akuyezeni, ndipo muwauze abale anu onse achite chimodzimodzi. BP imayenda m'magazi a pabanja, ndipo siyembekezera zaka 60. Ngati muli oyembekezera kapena mukuganiza zotenga pakati, muwauze achipatala poyamba, chifukwa enalapril sapatsidwa kwa mayi wapakati.