Maola asainidwe mudakali pa kilinikipo

Achemwali, mwafunsa za maola a observation, maola oonerera ntchito ya PT (physical therapist, wothandiza odwala ndi mafizo) amene sukulu zambiri za ntchitoyi ku America zimafuna pofunsira malo, ndipo mwandikhudza pachilonda. Musadikire kuti mudzasainitse mukamaliza zonse, chonde.

Ine ndinachita maola oposa 100 pa kiliniki ina. Kudzuka mbandakucha, kupinda matawulo, kupukuta mabedi, kuima tsiku lonse kuonerera odwala sitiroko akuphunzira kuyendanso. PT amene ndinkawatsatira ankandiuza kuti ndisade nkhawa, maola adzasaina, kalata yondichitira umboni adzandilembera. Ndinawakhulupirira ngati kholo.

PTCAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo m'sukuluzi, itatsegula mu June ndinalowetsa dzina lawo ndi imelo yawo. Mukudziwa kuti kalata sukweza wekha, uthenga umapita kwa iwowo ndipo amatumiza okha. Sabata yoyamba zii. Yachiwiri zii. Ndinalemba imelo, osayankha. Ndinaimba foni, akuti ali ndi wodwala. Kutatsala masiku atatu kuti sukulu imene ndinkaifunitsitsa itseke, ndinapita konko, wa pa desiki n'kundiuza kuti anasiya ntchito, anasamuka. Osatsanzika! Ndinaima pamenepo miyendo ikunjenjemera. Usiku wotsekerawo ndinakhala pa kompyuta mpaka 12 koloko, kutsegula tsamba lija, kutseka, kutsegulanso, pa dzina lawo palibe chasintha. Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Ndalama za fomu, za mayeso a GRE, za ma transcript, zonse zinalowa m'madzi, ndipo chaka chathunthu chinapita.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti akanangonena kuti sangakwanitse, ndikanapeza wina. Munthu amene anadutsa njira yomweyi, amene akudziwa kuti digiri ya ntchitoyi, DPT, ndi zaka pafupifupi zitatu ndipo kutsogolo kuli mayeso a laisensi, NPTE, akudikira, angamutayitse bwanji mnzake chaka chifukwa cha ntchito ya mphindi zochepa? Nkhanza zimenezo.

Ndiye inu lembani tsiku ndi maola nthawi iliyonse mwapita, muwapatse a PT asaine pompo, mutengenso nambala ya laisensi yawo ndi imelo yawoyawo osati ya ku ntchito. Maola agaweni, ena m'chipatala cha odwala ogonekedwa, ena ku kiliniki ya odwala oyendera, chifukwa sukulu zambiri zimafuna kuona zonse ziwiri. Musadalire munthu mmodzi, pemphani atatu kapena anayi.

Tumizani fomu msanga. PTCAS imatenga masabata kutsimikiza magiredi, ndipo sukulu zina zimayamba kutenga anthu tsiku lotseka lisanafike, malo n'kudzaza inu mukukonzabe essay. Onaninso zofuna za sukulu iliyonse payokha. Zina zinasiya kufuna GRE, zina sizilandira anatomy, physiology, physics kapena chemistry ngati munaphunzira kalekale. Ngati digiri yanu si ya ku America, yambani lero kuitumiza kwa oyesa madigiri ngati WES, zimachedwa.

Komanso musawapanikize kwambiri ma PT, ndi anthu otanganidwa, ndipo kalata yolembedwa mokakamizidwa imaonekera. Nditafunsiranso malo chaka chotsatira, mwa amene ndinawapempha munali mmodzi amene ankandidziwa bwino, ndinawapatsa mpata osawavutitsa, kalata yawo ndi imene anaitchula pa interview. Panopa ndili chaka chachiwiri cha DPT. Mukafuna pepala limene ndinkalembapo maola, ndipezeni ku inbox ndikutumizireni.