Chitsa cha mwala pamphambano: bwanji sachichotsa?

Mayi ena amene amasamalira okalamba kufupi ndi Kettering, ku England, andilembera imelo. Akuti m'mudzi wina umene amadutsa popita kuntchito muli mwala wosema, wodukira pakati, wokhazikidwa pa masitepe pamphambano penipeni, moti basi imachita kuuzungulira. Akufunsa kuti bwanji a khonsolo sauchotsa.

Mayi, a khonsolo sangayerekeze. Chimene mwaonacho ndi chitsa cha mtanda wakale, ndipo miyala yambiri yotere ili m'kaundula wa zinthu zotetezedwa ndi lamulo la mu 1979 loteteza zinthu zakale. Kuusuntha, kuukonza, ngakhale kukumba pansi pake, kumafuna chilolezo cha nduna, imene imamva kaye malangizo a bungwe loona za malo ndi zinthu zakale la Historic England. Kuchita popanda chilolezo ndi mlandu.

Kale mtanda unali bwalo la mudzi. Alaliki ankaimirira pa masitepewo, amalonda ankayala katundu mozungulira, uthenga wa mfumu unkalengezedwa pomwepo, ndipo onyamula maliro ankatula bokosi pa mitanda ya m'njira n'kupemphera. Historic England imati mitanda yotere inalipo yoposa 12,000, koma yotsala siikwana 2,000. Nanga mitu ya mitandayi inapita kuti? Yambiri inaswedwa dala, m'zaka za m'ma 1500 pamene England inapatukana ndi mpingo wa Roma, kenaka m'ma 1640 pamene a Puritan, gulu la Aprotesitanti okhwimitsa malamulo a chipembedzo, ankati mitanda ndi mafano. Kwa ine chitsacho chimanena zambiri kuposa mtanda wathunthu, chifukwa mkangano wa chipembedzo uja ukuonekabe pamene panadukira mwala.

Koma poti muli kufupi, tsiku lopuma pitani ku Geddington. Mfumukazi Eleanor wa ku Castile (dera la ku Spain) atamwalira mu 1290 ku Harby, kufupi ndi Lincoln, mtembo wake unanyamulidwa ulendo wa ku London, ndipo mwamuna wake, Mfumu Edward I, analamula kuti pamalo 12 pamene malirowo anagona pamangidwe mtanda. Yatsala itatu: wa ku Geddington, wa ku Hardingstone m'mphepete mwa Northampton, ndi wa ku Waltham Cross. Umene uli pakhomo pa siteshoni ya Charing Cross ku London usakunamizeni, ndi wa 1865; weniweni anaugwetsa mu 1647.

Wa ku Geddington ndiye wasungika bwino koposa. Ndi wa mbali zitatu, wautali pafupifupi mamita 13, ndipo nawonso unaima pakati pa msewu. Mukakweza maso muona zifanizo zitatu za Eleanor, atafunda nsalu kumutu.