Kwa mayi amene afunsa za mafuta a bulugamu ndi chimfine cha mwana

Mayi, mwafunsa ngati mungadonthezere mwana wanu wa zaka ziwiri mafuta a bulugamu m'madzi akumwa ndi kumupaka pachifuwa chifukwa chimfine chamutseka mphuno, komanso ngati mafuta onunkhira a m'timabotolo tija amachizadi. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa adadya phula. Ndiyambe ndi chachangu: musamumwetse ngakhale dontho limodzi, ndipo musamupake kumaso kapena pafupi ndi mphuno. Zinazo tikambirane mofatsa.

Ndaona ena akuyankha kuti "n'zachilengedwe, sizingapweteke". Pamenepa ndi pamene ambirife timaphonya. Tsamba la bulugamu ndi mafuta a bulugamu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Popanga mafutawa amaunjika masamba mumgolo waukulu n'kudutsitsamo nthunzi. Nthunziyo imanyamula fungo lija, ndipo ikazizira n'kusanduka madzi, timafuta timayandama pamwamba, ndiye amatiwengula. Timatuluka tochepa zedi. Pa maluwa a rozi pamafunika matani atatu kapena kuposerapo kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta. Bulugamu amapatsako bwino, komabe kabotolo ka mamililita 10 kali m'manja mwanuko kanyamula mphamvu ya masamba odzaza beseni. Mukawiritsa masamba awiri atatu m'madzi, mumangotapako pang'ono. M'kabotolomo muli zonse.

Mwana wamng'ono akameza mafuta a bulugamu osakwana n'komwe supuni yaing'ono, pasanathe ola amatha kuyamba kuwodzera, kudzandira, mwinanso kugwa ngati wakhunyu. Mafuta a wintergreen, amene amapezeka m'mankhwala ambiri opaka minofu ikamaphwanya, ndiye oopsa koposa: supuni yaing'ono imodzi ili ndi mphamvu yofanana ndi magalamu 7 a asipirini, ndiye kuti mapiritsi a munthu wamkulu oposa 20. Tsoka litagwa kuti mwana wameza, musamusanzitse, chifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Thamangani naye kuchipatala, kabotolo kali m'manja kuti adokotala awerenge okha chimene wamwa.

Ineyo ndinaphunzirira pa thupi langa. Dzino linandigwira usiku wina, ndipo ndinali ndi kabotolo ka mafuta a clove, zokometsera chakudya zonunkhira zija. Ndinanyowetsa kathonje mpaka kudontha, n'kukanikiza padzinopo, n'kugona. Ululu unaleka ndithu, sindinama. Koma m'mawa nkhama inali itayera ngati ndaiwaula ndi madzi otentha, ndipo kwa masiku angapo kakhungu kankasupuka ndikamatsuka mkamwa. Dokotala wa mano anandiuza kuti mankhwalawo ndi enieni: mu clove muli eugenol, amene iwo amasakaniza ndi zinc oxide pomata dzino mongoyembekezera. Cholakwa changa chinali muyezo. Dzinolonso linali lobowoka chibowokere, clove anangoligoneka tulo.

Tsono musandimve ngati ndikunyoza zitsamba. Ayi ndithu. Anthu akhala akuchiritsana ndi zomera kuyambira makedzana. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wotchedwa Ebers Papyrus, wolembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, wodzaza ndi mankhwala a zomera monga adyo ndi aloe. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndi amene anamupatula m'khungwalo mu 1820. Artemisinin, msana wa mankhwala a malungo a masiku ano, anamupeza ndi mayi Tu Youyou a ku China m'chitsamba cha Artemisia annua, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma taonani chimene anthu onsewa anachita: anafufuza chimene chikugwira ntchito m'chomeracho, n'kuchiyeza kuti wodwala azimwa mlingo wodziwika. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO silivomereza kuchiza malungo ndi tiyi wa Artemisia. Kapu ina imakhala yamphamvu, ina ndi madzi chabe, ndipo tizilombo tikamalawa mankhwala operewera timazolowera.

Nanga mafuta onunkhirawa amathandiza pati? Alipo angapo amene anayesedwa mokwanira. Mafuta a chitsamba cha peppermint amachepetsa kupotokola ndi kutupa kwa m'mimba kwa anthu amene ali ndi vuto la matumbo lotchedwa IBS, koma ndi a m'makapisozi okutidwa mwapadera kuti akasungunukire m'matumbo. Mukangodonthezera m'madzi n'kumwa, mupeza kutentha pamtima. Mafuta a tea tree, mtengo wa ku Australia, akasakanizidwa pa mlingo wa 5 peresenti amachepetsa ziphuphu, ngakhale amachedwerapo poyerekeza ndi mankhwala a ziphuphu otchedwa benzoyl peroxide. Amenewanso ndi poizoni akamezedwa, ndipo amphaka ndi agalu amadwala nawo msanga. Mankhwala othamangitsa udzudzu ochokera ku bulugamu wonunkhira mandimu, amene pabotolo amalemba PMD, bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limawavomereza, koma kawirikawiri salangizidwa kwa ana osakwana zaka zitatu. Mafuta a udzu wa citronella amathamangitsa udzudzu kwa kanthawi kochepa n'kuuluka. Lavenda amathandiza ena kukhazika mtima pansi asanagone, ndipo ngati fungolo limakusangalatsani, palibe choletsa. Koma wina akakuuzani kuti mafuta ake amachiza shuga, khansa kapena kusabereka, gwirani chikwama chanu zolimba.

Pali kanthu kena kokhudza mphuno kamene kanandidabwitsa nditakamva. Menthol, mankhwala a fungo lozizira a mu peppermint, satsegula mphuno ayi. Amangodzutsa timitsempha tomva kuzizira, ndiye munthu umamva ngati mpweya ukudutsa bwino pamene njirayo ili chimodzimodzi. Kwa wamkulu mpumulo umenewo ndi wabwino, umagonetsa tulo. Kwa khanda, fungo lamphamvu chotero pafupi ndi mphuno lingasokoneze kapumidwe.

Inuyo akuluakulu mukafuna kudzola, sungunulani kaye. Dontho limodzi m'supuni yaing'ono ya mafuta wamba, monga a kokonati kapena a olivi, ndi pafupifupi 1 peresenti. Madontho awiri ndi okwana. Yesani kaye kamalo kakang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku lathunthu. M'madzi osamba musangodontheza, mafuta ndi madzi sizigwirizana, timadonthoto timayandama n'kukumatani pakhungu tili ndi mphamvu yonse. Mafuta ofinyidwa ku makoko a mandimu kapena bergamot, chipatso cha mtundu wa malalanje, mukapaka n'kupita padzuwa, khungu limapsa n'kusiya zipsera zakuda zochedwa kutha.

Zitsamba zakumwa nazo zili ndi malire ake. Jinja amachepetsadi nseru, ngakhale ya amayi oyembekezera, pa mlingo wa pafupifupi galamu imodzi patsiku. Koma St John's wort, chitsamba chimene ena amamwa akamavutika maganizo, chimachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, moti ma ARV ena, mapiritsi olera ndi warfarin wosungunula magazi zimafooka m'thupi mwini wake osadziwa. Makapisozi a adyo angawonjezere kutaya magazi kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi. Choncho amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, adokotala akafunsa zimene mukumwa, tchulani ndi zitsamba zomwe. Manyazi apa sathandiza.

Tibwerere kwa mwana wanu. Chimfine wamba chimatha chokha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Gulani timadzi tamchere ta m'mphuno ku famase, mudonthezere kawiri katatu mbali iliyonse kuti mamina afewe, kenako mupukute. Azimwa madzi pafupipafupi, ndipo ngati akadayamwa, apitirize. Popeza wapitirira chaka chimodzi, theka la supuni yaing'ono ya uchi asanagone lingafewetse chifuwa. Khanda losakwana chaka uchi sapatsidwa. Za kumufukiza pa beseni la madzi otentha zisiyeni, ana ambiri apsa nazo atagubuduza beseni ndi mwendo.

Akagona, muvuleni malaya muyang'ane chifuwa, wotchi ili pambali. Ngati akupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, ngati thupi latentha kwambiri, akukana kumwa kapena wangoti lefu, musadikire kuti kuche. Chimenecho chingakhale chibayo, ndipo chimafuna kuchipatala. Kabotolo ka bulugamuko kaikeni pamwamba pomwe dzanja lake silingafike, chifukwa kamanunkhira ngati switi.