Bambo a mtsikanayo musawasandutse mfiti

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene nkhani yanu ya mtsikana wovala buluku m'nthawi ya Kamuzu siikuwagwira mtima amene mwawapatsa kuti awerenge, chonsecho mtsikanayo ndi wolimba mtima ndipo bambo ake ndi ankhanza. Ine ndikuona kuti vuto lagona pa bambowo. Mwawasandutsa mfiti, ndiye wowerenga akudziwiratu mbali yoima pa tsamba loyamba lomwe, kutsogoloku sakuda nkhawa ndi chilichonse.

Mufunefune buku la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, Nervous Conditions, lomwe linatuluka mu 1988. Wa malamulo okhwima m'menemo ndi Babamukuru, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero). Koma ndi iyeyo amene akusamala mtundu wonse, ndi iyenso amene watenga Tambu, mwana wamkazi wa mng'ono wake, kuti adzaphunzire ku mishoniko Nhamo, mlongo wa Tambuyo, atamwalira. Tsono Babamukuru akulamula kuti makolo a Tambu, oti akhala m'banja zaka zambirimbiri, akamange ukwati wa kutchalitchi. Tambu akuona kuti makolo ake asanduka choseketsa. Tsiku la ukwatilo iye wangogona pabedi osasuntha, kenako n'kulankhula motsitsa kuti sapita. Chilango chake zikoti 15 ndi ntchito zapakhomo za masabata awiri. Pamenepo wowerenga mtima umakhala m'mwamba, chifukwa akudziwa kuti mwanayu akukana munthu womudyetsa, ndipo atabwezedwa kumudzi sukulu yathera pomwepo.

Nyasha, mwana wa Babamukuru amene anakhalako ku England ali wamng'ono, ndiye amagalukira poyera. Bambo ake atamutcha hule chifukwa chochedwa panja ndi mnyamata pochokera ku dansi, iye anawabwezera chibakera. Wolemba sanamuimbire nthungululu ayi. Nyasha ayamba kusanza dala chakudya chimene akumukakamiza, awonda, mutu usokonezeka mpaka kugonekedwa kuchipatala. Mbali imeneyi imandipweteka kwambiri, ndipo ndi imene olemba ambiri achinyamata amaithawa, pofuna kuti wogalukira apambane msanga aliyense amuombere m'manja.

Nkhani yanu ili ndi poyambira pabwino zedi. Lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi osafika m'mawondo linakhalapo mpaka 1993, ndipo kholo la nthawi imeneyo linali ndi chifukwa chenicheni chochitira mantha. Apatseni bambowo mantha amenewo. Akhale munthu woyenda ndi khadi la chipani m'thumba la shati, wodziwa mnzake amene anatengedwa usiku, wogulitsa mbuzi kuti mwanayu apite ku sekondale. Alipeze bulukulo pansi pa mphasa, alitenthe kuseri kwa nkhokwe manja akunjenjemera, m'mawa n'kumuperekezabe mwanayo kukakwera basi. Mukalemba chomwecho, mudzatitumizirenso mutu woyambawo muno tiuwerenge.