Malikisi a mowa a pa intaneti: yankho kwa mwini baraka wa ku Ulongué

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi baraka, kamalo kogulitsirako mowa, pafupi ndi msika wa ku Ulongué, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Mphwanga amene amaphunzira ku Beira anandionetsa pa foni pulogalamu yotchedwa Untappd, momwe anthu amapereka malikisi kwa mowa uliwonse. Ndinadabwa kuona kuti 2M ndi Manica, zomwe zimandidyetsa ine ndi ana anga, zili ndi malikisi apakatikati, pamene mowa wina wakunja wodula uli pamwamba. Iye akuti ndiyambe kuoda wa malikisi ambiriwo. Ndamva kuti mawebusaiti otere alipo angapo. Yodalirika ndi iti, ndipo kodi ndiwamvere?"

Bambo, ndathokoza chifukwa cha funso lanu. Mphwanuyo musamukalipire, chifukwa zimene anaona pa foni zilipodi. Koma musachotse kireti ngakhale imodzi ya 2M chifukwa cha manambala amenewo. Malikisi aja akukuuzani zimene gulu lina la anthu, lokhala kutali ndi kuno, limakonda pakamwa pake. Za kasitomala wanu amene amafika madzulo atatopa ndi kukweza matumba a kachewere m'lole, manambalawo sanenapo kanthu.

Mawebusaiti amene amatchulidwa kwambiri ndi atatu. Yakale kwambiri ndi BeerAdvocate, imene inayambitsidwa mu 1996 ku America ndi anthu awiri apachibale, Todd ndi Jason Alström. Kumeneko munthu amaweruza mowa mbali zisanu: maonekedwe, fungo, kukoma, m'mene ukumvekera m'kamwa, kenako chithunzi chonse. Ambiri amalemba ndime yathunthu kufotokoza zimene amva. Yachiwiri ndi RateBeer, ya mu 2000, imene inkayendanso chimodzimodzi, koma inali ndi nzeru ina imene ine ndinkaiyamikira. Mowa ukakhala kuti wangolawidwa ndi anthu ochepa, masamu awo ankaukokera chapakati, kuti abwenzi asanu a wofulula asathe kuukweza kumwamba paokha. Inkaonetsanso malikisi awiri, ena oyerekeza mowawo ndi mowa wonse wa padziko, ena ouyerekeza ndi anzake a mtundu umodzi okhaokha. RateBeer inatsekedwa kumayambiriro kwa 2025, choncho mukaona wogulitsa akukuonetsani malikisi a RateBeer, dziwani kuti ndi akale.

Yachitatu ndi imene mphwanu anakuonetsani. Untappd inayamba mu 2010 ndi Greg Avola ndi Tim Mather, ndipo lero ndi imene ili ndi anthu ambiri. Kukula kwake kwachokera pa kuphweka kwake. Munthu ali ku bala, wajambula tambula, wadina nambala yosapitirira 5, wamaliza. Sakakamizidwa kulemba ngakhale liwu limodzi. Pulogalamuyo imamupatsanso timabaji akamalawa mowa watsopano, ndiye ambiri amathamangira kuchulukitsa mayina a mowa umene alawa. Taganizani munthu amene wapereka malikisi kwa mowa wake wachisanu ndi chimodzi usiku umodzi, lilime litachita dzanzi. Malikisi akewo amalowa m'thumba limodzi ndi a munthu amene analawa modekha masana.

Mukandifunsa kuti pa ziwiri zotsalazi yodalirika ndi iti, ndinena kuti BeerAdvocate, chifukwa chimodzi chokha: kumeneko kuli mawu, ndipo mawu mungathe kuwayesa. Munthu akalemba kuti "ukununkha chimanga chophika, ulibe kuwawa kwenikweni", inu mukhoza kuona kuti chimene iye akudandaula nacho ndi chimene makasitomala anu amafuna. Nambala payokha sikuuzani chifukwa chake.

Koma vuto lenileni ndi la anthu amene amapereka malikisiwo, ndipo pamenepa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ambiri a iwo ali ku America ndi ku Ulaya, ndipo ndi anthu amene kulawa mowa wachilendo ndi chizolowezi chawo cha pamtima. Mtundu wa anthu otere umakonda mowa wamphamvu, wolemera, wowawa kwambiri ndi hops (maluwa a chomera china amene amathira mumowa kuti uziwawa ndi kununkhira), kapena wakuda bii umene wasungidwa m'migolo ya thabwa miyezi yambiri. Tsegulani mndandanda wa mowa wa pamwamba pa webusaiti iliyonse mwa ziwiri zotsalazi. Mupeza mowa wakuda wotchedwa stout wa mphamvu yopitirira 10 peresenti ndi mowa wowawa wothira hops wambiri wotchedwa IPA. Mowa wopepuka wa mtundu wa lager, wa mphamvu ya pafupifupi 5 peresenti, umene anthu ambiri padziko lonse amamwa, umakhala m'munsi ngakhale utafululidwa mwaluso chotani. 2M, Manica, Laurentina Clara, Txilar, ngakhalenso Kuche Kuche ndi Carlsberg Green za kwa anzathu ku Malawi, kuseri kwa malire a Calómuè, zonsezi ndi za banja limenelo. Zili ngati kuika nsima ya ufa woyera pa mpikisano wa makeke, oweruza ake n'kukhala anthu okonda shuga.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Westvleteren 12, mowa umene amafulula amonke a chipani cha Trappist ku Belgium. Mu 2005 RateBeer inaulengeza kuti ndiwo woposa wonse padziko, ndipo magalimoto anayamba kundandana pa msewu wopita ku nyumba ya amonkewo. Mowawo ndi wabwinodi, palibe amene amatsutsa. Koma mphamvu yake ndi 10.2 peresenti, ndi wolemera, womwa pang'onopang'ono kukuzizira, ndipo amonkewo amafulula wochepa. Kusowa kwakeko nakonso kumakweza malikisi, chifukwa munthu amene wayenda ulendo wautali ndi kulipira ndalama zambiri safuna kuvomera kuti wamwa chinthu wamba. Mowa ngati umenewo mutaupereka kwa munthu wa ludzu ku Moatize m'mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, botolo lachiwiri sangaitanitse. Ndipo ndinene pano kuti mndandanda umene umakweza mowa wamphamvu nthawi zonse sindiukonda kwenikweni, chifukwa mnyamata amene akuutsatira amaphunzira kuti mowa wabwino ndi umene umagwetsa msanga.

Palinso nkhani ya eni ake a mawebusaitiwa. Mu 2016 ZX Ventures, nthambi ya kampani yaikulu ya mowa ya AB InBev, inagula gawo la RateBeer, ndipo nkhaniyo inadzamveka poyera mu 2017. Ofulula ang'onoang'ono ambiri anakhumudwa. Sam Calagione, amene anayambitsa kampani yofulula mowa ya Dogfish Head ku America, anapempha kuti mowa wake uchotsedwe pa webusaitiyo. Mu 2019 AB InBev inaitenga yonse. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, chifukwa AB InBev yomweyo inagula SABMiller mu 2016, ndipo kudzera m'menemo ndiyo ili ndi gawo lalikulu la Cervejas de Moçambique, kampani imene imafulula 2M, Manica, Laurentina ndi Impala. Sindikunena kuti anabera malikisi, ayi. Mowa wawo wotchuka monga Budweiser unakhalabe m'munsi pa RateBeer. Koma kwathu kuno mfumu siweruza mlandu wa munda umene ikulimamo yokha, ndipo anthu anali ndi chifukwa chomveka chokayikira. Ponena za ziwiri zinazo, kuyambira 2020 BeerAdvocate ili m'manja mwa Next Glass, kampani yomwe ilinso ndi Untappd. Untappd imapeza ndalama pogulitsa ntchito zake kwa eni mabala ndi ofulula mowa, anthu omwewo amene katundu wawo akuweruzidwa.

Tsopano tibwere kwa ife. Ine ndikatsegula Untappd n'kuyang'ana malo amene anthu anali pamene ankamwa mowa wa dziko lathu, ndimakumana kwambiri ndi Maputo, Tofo ndi Vilankulo. Ndi alendo odzaona nyanja, ndi ogwira ntchito ochokera kunja. Ulongué, Dómuè, Furancungo, Zóbuè, simuziona kawirikawiri. Mlendo wina amapereka malikisi ambiri chifukwa tchuthi chamukomera, wina amapereka ochepa chifukwa akuyerekeza ndi mowa wa kwawo ku Germany. Onsewo akunena zoona za mumtima mwawo, koma palibe amene adzabwere kudzagula pa baraka yanu.

Ndipo pali chinthu china chimene webusaiti iliyonse singathe kuona, chomwe inu mumachidziwa kuposa ine: ulendo wa botolo. Mowa wathu umafululidwa ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula. Kuti ufike kwanu umayenda makilomita mazanamazana pa lole, umadutsa mumzinda wa Tete kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 nthawi ya chilimwe, umagona m'nyumba zosungira katundu za malata, kenako umakwera mapiri kupita ku Angónia. Kutentha kumakalambitsa mowa msanga, ndipo mowa wokalamba umamveka ngati katoni yonyowa. Dzuwa nalonso ndi mdani. Kuwala kukalowa m'botolo kumaswa mankhwala owawa a hops, ndipo mowa umatulutsa fungo ngati la kanyimbi. Botolo lofiirira limateteza bwino, lobiriwira ndi loyera sateteza kwenikweni. Kireti yosiyidwa pakhonde masana amodzi okha yasintha kale kukoma.

Ine ndinaziona ndekha. Chaka china ndinagula m'sitolo ina mumzinda wa Tete botolo la mowa wakunja umene unali ndi malikisi apamwamba kwambiri. Ndinalipira ndalama zokwanira mabotolo angapo a Manica. Nditatsegula, thovu linali lochepa, fungo la hops limene anthu onse ankalitamanda kunalibe, m'kamwa munangotsala kukoma kwa pepala. Nditayang'ana deti ndinaona kuti latsala pang'ono kutha. Ma IPA ndiwo amafulumira kwambiri kutaya fungo. Olemba aja sananame, anamwa mowa wa masabata awiri pafupi ndi kumene unafululidwa. Ine ndinamwa dzina lomwelo patapita miyezi yambiri ndi nyanja pakati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chakuti mowa umene anthu ambiri a kumudzi kwathu amamwa mulibemo n'komwe. Masese a chimera cha mawere amene amayi amafulula pa maliro, pa chiliza, pa ukwati kapena pa dima, alibe dzina la kampani, ndiye alibenso malikisi. Chonsecho kuweruza mowa si chinthu chachilendo kwa ife. Mudzi wonse umadziwa kuti kwa mayi uje mowa umapsa bwino, kwa uje amathira madzi, kwa uje umasasa msanga. Wofulula amayamba yekha kumwa pa chipanda anthu akuona. Amene akuyamikira kapena kunyoza mowawo mumamudziwa nkhope, mumadziwa ngati ali ndi chidani ndi banja limenelo, ndipo mawa mudzakumana naye kudambwe kapena kumsika. Wa pa Untappd simumudziwa, ndipo akalakwitsa palibe amene adzamufunse.

Sindikuti mawebusaitiwa muwataye. Ali ndi ntchito yake. Wogulitsa akabwera ndi mowa umene simunauonepo, funsani mphwanuyo auyang'ane kuti mudziwe mtundu wake, mphamvu yake ndi dziko limene ukuchokera. Aone kuti ndi anthu angati aupatsa malikisi, chifukwa a anthu khumi si ofanana ndi a anthu zikwi khumi. Awerenge mawu a anthu amene aupatsa malikisi apakati, chifukwa iwowo ndi amene amafotokoza zabwino ndi zoipa pamodzi. Ndipo ayerekeze lager ndi lager mnzake, mowa wakuda ndi wakuda mnzake. Mukachita choncho mudzaona kuti Laurentina Preta, mwachitsanzo, ikaikidwa pakati pa anzake a mtundu wake siichita manyazi. Dzina la Laurentina lakhala pa msika kuyambira 1932.

Za mowa wodulawo, ngati mtima ukufunabe, odani mabotolo khumi ndi awiri okha poyamba. Yang'anani deti pa botolo lililonse musanalipire, asungeni pamthunzi, ndipo muike anayi okha m'filiji. Tengani kope la sukulu, muzilemba tsiku lililonse chimene chatuluka, ndi ngati amene anagula koyamba wabweranso kudzagula kachiwiri. Aphunzitsi ndi anamwino akalandira malipiro kumapeto kwa mwezi ndi pamene mudzaone bwino, ndiye dikirani miyezi iwiri musanaganize zoonjezera. Mukatero mundilemberenso, chifukwa ndikufuna kudziwa kuti mabotolo khumi ndi awiriwo anatha masiku angati.